Mbuzi za Amalume ndi Malata Athu

Malata athu anabwera pa ngolo chaka chimene fodya wa abambo anagulidwa bwino ku okushoni. Ndinali ndikadali ku pulayimale, ndipo ndinakhala pamwamba pa malatawo kuchokera kusitolo mpaka kunyumba, ndikubayibitsa aliyense ngati mkwatibwi. Mvula yoyamba itagwa tinkachita kukuwa polankhulana m'nyumba, ndipo phokoso limenelo ndinkalikonda kuposa wailesi. M'mudzi mwathu, kwa Chulu kuno, mwana wa m'nyumba yamalata amayenda khosi lili m'mwamba. Inenso ndinkayenda choncho.

Sindinkadziwa kuti malata omwewo adzatitsekera khomo.

Kunabwera thandizo la boma la mabanja ovutika: kandalama kolowa pafoni, ndi mwayi wogula feteleza wotchipa. Anthu osankha mabanjawo atafika koyamba, pathu sanatsike n'komwe pa njinga yamoto. Anangoyang'ana denga lathu likunyezimira padzuwa, mmodzi n'kunena kuti, “Awa ali bwino,” basi fumbi kobo. Anakaima pa nyumba yoyang'anizana ndi yathu, ya amalume, alongo awo a amayi.

Amalume ali ndi mbuzi zodzaza khola, njinga yabwino, ndi sola yotchajira mafoni a mudzi wonse, molipiritsa. Koma denga lawo linali laudzu, ndipo udzuwo ankausamala mwanzeru: kufolera pang'ono kuti musadonthe, koma osati kwambiri mpaka n'kuoneka bwino. Tsiku limenelo mbuzi zinali kudambo. Amalume analowa m'gulu la ovutika, ife tinatsala ndi kunyezimira kwathu.

Chimene chinkandipweteka si feteleza ayi. Chinali msuweni wanga, mwana wamkazi wa amalume, amene tili naye kalasi imodzi ku sekondale. Ine ndinkadzuka kukathirira nazale ya fodya ndisanapite kusukulu. Nthawi yothyola, zala zanga zinkada ndi utomoni wa masamba, wosachoka ngakhale ndi mchenga. Ndinkasoka fodya mpaka msana kuuma, n'kumathandiza abambo kupachika m'chigafa, chisakasa chathu choumitsira fodya. Mnzangayo ankabwera m'kalasi atavala nsapato zatsopano, miyendo ikuwala ndi mafuta onunkhira. Ndinkakhala kumbuyo kwake ndikununkhiza mafutawo, pamtima pali pofukiza ngati nkhuni yaiwisi.

Tsiku lina ndinamupempha kuti andipakeko pang'ono m'manja.

“Iwe?” anatero akubisa botolo m'chikwama. “Mwana wa m'malata angadzole mafuta a anthu osauka? Ungatuluke ziwengo, asisi.”

Ndinaseka nawo, koma masana omwewo ndinamuikira bololo m'chikwamamo. Anakuwa mpaka aphunzitsi a m'kalasi ina anatuluka. Zimenezo zinali zongotsegulira.

Chaka chatha fodya anatigwetsa. Mabelo ena anabwezedwa, ena anagulidwa pamtengo woti abambo atabwera anangokhala pakhonde, chipewa chili pabondo. Nkhokwe inayamba kuoneka pansi dzuwa lisanayambe n'komwe kutentha. Ndiye tinamva kuti anthu a thandizo aja akubweranso kudzaona mabanja mwatsopano, ndipo ulendo uno aziyenda khomo ndi khomo, kulowa mpaka kuseri.

“Akalowa adzaona okha,” abambo anauza amayi ine ndikutsuka mbale chapafupi. “Adzaona nkhokwe. Koma tikalephera ulendo uno, malatawa nditsitsa ndigulitse. Sindingadzale chimanga chopanda feteleza pofuna kuti denga lizinyezimira.”

Mbale inandipulumuka. Malata anga!

Mudzi wonse unayamba kukonzekera monga timachitira alendo otere akamabwera. Kwathu timati kuvala umphawi. Njinga zinapita kukagona m'mapesi. Masola anatsika pamadenga n'kulowa pansi pa mabedi, mabediwo n'kuwaphimba ndi mphasa zong'ambika. Ana anauzidwa kuti asadzole chilichonse, akhale mbuu. Bambo wina amene timamuona akuthamangitsa nguluwe m'munda anakabwereka ndodo yoyendera kwa apongozi ake, n'kuyamba kuyeserera kutsimphina kuseri kwa tchalitchi, koma ankaiwalaiwala mwendo wodwalawo. Ife tokha tinalibe chobisa. Chuma chathu chonse chinali pamwamba, pooneka ndi ndege yomwe.

M'mawa wa tsikulo amalume anatulukira pakhomo pathu atavala jekete yong'ambika m'zigongono, imene sindinaionepo chibadwire. Amayi anawapatsa mpando n'kukhala pansi chapambali.

“Mlongo,” anayamba amalume, “akuti anthuwa akumafika mpaka kudambo. Ndiye ndaganiza kuti tiziweto tanga tija tiswereko m'chigafa chanu lero. Chili chopanda kanthu, si choncho?”

“Koma achimwene, ifenso timayembekeza kuti mwina ulendo uno…”

“Aaa, inu ndi malata amenewa? Inu munagwa kale, mlongo. Palibe chimene mutaye. Tisagwe tonse.”

Amayi anayang'ana abambo. Abambo ndi mkamwini: anachokera kwawo kudzakwatira kwathu, ndipo munda umene amalimamo fodya ndi wa mbumba ya amayi. Mwini mbumbayo ndi amalume. Mkamwini akakana pempho la mwini mbumba, chaka chamawa amangouzidwa kuti munda uja akufuna kulimamo mwana wa uje. Abambo anakanda chibwano.

“Palibe vuto, alamu,” anatero.

Ntchito yotchinga m'mbali mwa chigafa ndi mapesi ndi matabwa inagwera ine. Msuweni wanga ndiye anakusa mbuzizo, atavala diresi yakale ya amayi ake, kumapazi kulibe nsapato. Anali atadzipaka phulusa m'miyendo.

“Zikukukhala bwino,” ndinamuuza. “Lero ndiye waoneka ngati iwe weniweni.”

“Uzisamale mbuzi za abwana ako,” anayankha. “Ukachita bwino ndikupatsa botolo likatha, uzinunkhiza.”

Anthu aja anafika dzuwa litakwera: mayi wina wovala chitenje ndi nsapato zamasewera, ndi mnyamata wonyamula chifoni chachikulu chimene ankadinamo mayankho. Anayambira kwathu. Mayiyo anayang'ana denga, koma abambo anamupempha kuti aone kaye nkhokwe. Anasuzumiramo. Anafunsa za fodya, abambo anafotokoza bwinobwino, osawonjezera. Anafunsa kuti timadya kangati, amayi anayankha zoona. Ndinaona mayiyo akugwedeza mutu pang'onopang'ono, n'kuuza mnyamatayo kuti, “Apa malata asatinamize.” Ndinayamba kale kuona mapazi anga ali m'nsapato zatsopano.

Pomwepo tonde wa amalume anati meee! kuseri.

Zinzake zonse zinavomera ngati kwaya. Mayi uja anazungulira nyumba, n'kusuzumira pa mpata wa mapesi. Anakhala kanthawi akuyang'ana.

“Bambo, mbuzi zonsezi ndi zanu?”

Abambo anayang'ana amayi. Amayi anayang'ana pansi. Kutsidya kwa bwalo amalume anali atakhala pakhonde pawo, dzanja lili patsaya, maso ali pa ife.

“Ndi zathu,” anatero abambo, mawu ali pansi.

Mnyamata uja anadina pa chifoni chake, n'kutsanzika. Abambo analowa m'nyumba. Sanamenyetse chitseko, anangochitseka bwinobwino, ndipo zimenezo ndi zimene zinandiwawa kwambiri.

Ndinaima pakona ya nyumba ndikuonerera. Alendowo anakhala pa mphasa kwa amalume. Amalume anayamba kutsokomola. Ankaloza denga, ankaloza khola lopanda kanthu limene analisesa mpaka kuchotsa ndowe zonse, ankatambasula manja. Msuweni wanga anakhala pafupi ndi amayi ake atazolika, ngati mwana wamasiye wa m'sewero la kusukulu. Atandiona anandipsinyira diso.

Diso limenelo ndi limene linatsegula chigafa. Ine ndinangothandiza ndi manja.

Pali chinthu chimene amalume anaiwala. Mbuzi zawo amazikonda kuposa anthu, ndipo tsiku lililonse amazipatsa mchere ndi madeya padzanja, atakhala pakhonde pomwepo. Nditasolola thabwa limodzi, sizinapite kudambo, sizinapite kumunda. Tonde anatsogola, zazikazi pambuyo, tiana tikudumphadumpha, mzere wautali kudutsa bwalo lonse, molunjika kwa mwini wake.

“Ndilibe ngakhale nkhuku, mayi,” amalume anali akunena. Tonde anakwera pakhonde n'kulowetsa mphuno m'thumba la jekete yong'ambika ija.

“Fuseki! Choka! Mbuzi za alamu angazi n'zopanda mwambo!”

Tonde sanachoke. Anawanyambita khutu. Yaikazi ina yabere inapita pakona ya khonde pamene imagona masiku onse, inazungulira kawiri n'kugona, n'kuyamba kubzikula mwamtendere. Zotsalazo zinalowa zokha m'khola losesedwa lija.

Ndinadikira kuti pakhale bata. Kenako ndinamanga bwino chitenje, ndinawoloka bwalo, ndinagwada patsogolo pa amalume monga mwana woleredwa bwino, manja ali pamodzi.

“Pepani amalume, mbuzi zanu zathawa m'chigafa muja. Ndizibwezere pompano, kapena tidikire alendowa apite kaye?”

Mnyamata wa chifoni uja anaseka mpaka anatsamwa. Mayi uja sanaseke. Anayang'ana amalume, anayang'ana mbuzi yogona pakhonde, kenako anatembenukira kwa kamwana kotsiriza ka amalume, kamene kanali katakumbatira kale kambuzi kakang'ono.

“Iwe, kambuzi aka n'kandani?”

“N'kanga. Ababa anandipatsa.”

Nkhope ya msuweni wanga pa nthawi imeneyo ndimaisunga mumtima ngati chithunzi chaukwati. Ndikakhumudwa ndimaitulutsa n'kuiyang'ana.

Apa ndiye ndinaganiza kuti ndawina zonse. Ndinathamangira alendowo akunyamuka.

“Amayi, ndiye mwaona kuti kwathu kulibe mbuzi. Mubwererenso kwathu kuja.”

Mayi uja anandiyang'ana ngati wotopa ndi dziko lonse.

“Mwana iwe, bambo ako anandiuza ndi pakamwa pawo kuti mbuzi ndi zawo. Amalume ako andiuza kuti si zawo. Onse awiri andinamiza, ndipo ine ndili ndi midzi ina yoti ndiyende. Kuli anthu amene alibe mbuzi yobisa, alibenso chigafa chobisamo.”

Anakwera njinga yamoto, fumbi kobo kachiwiri. Tinagwa tonse, monga amalume ankaopera.

Amayi anandikalipira mpaka mawu anasasa. Anati ndawachititsa manyazi pamaso pa alongo awo, anati ndili ndi mtima wa njiru, anati mwana wamkazi sachita zotere. Za njiruzo sindinakane. Amalume anabwera kudzaopseza za munda, koma nkhani inali itafika kale kuchigayo ndi pamjigo, ana akuwatsatira pambuyo akulira meee, ndipo anaona kuti kulanda munda kungangowonjezera nyimbo. Abambo sanandikalipire. Madzulo ake ndinawapeza kuseri kwa chigafa akubwezeretsa thabwa lija, mapewa akugwedezeka. Ndinayesa akulira. Atandiona anapukuta m'maso n'kunena kuti, “Ndizibwezere pompano!” basi n'kuyambiranso kuseka. Anapisa m'thumba n'kundipatsa mtedza wokazinga.

Koma malata anatsika ndithu. Abambo akanena chinthu amachita.

Ndipo wogula anali ndani? Amalume. Anati popeza boma lawatulutsa, palibenso chifukwa chogonera pansi pa udzu wowola. Anagulitsa tonde uja ndi mbuzi zina, n'kubwera ndi makwerero. Abambo anapeza feteleza wa chimanga, amalume n'kuwonjezerapo timbuzi tiwiri tating'ono kuti nkhani ithe pachibale. Ndinaima pabwalo ndikuona malata anga akuwoloka limodzilimodzi pamitu ya anyamata, mtunda wongoponya mwala. Ine ndi amayi tinapita kudambo kukamweta udzu.

Mvula yoyamba ya chaka chino inagwa masana, tikuchokera kusukulu. M'nyumba mwathu munali zii, madzi akungolowa mu udzu mwakachetechete ngati akuba. Kutsidya kwa bwalo ndinkamva denga langa likuimba, ndi msuweni wanga akukuwa kuitana amayi ake, kukuwa mwadala kuti ndimve kuti akukuwa. Ndinakhala pakhomo ndikumvetsera mpaka mvula inakata.

Itakata msuweni wanga anatuluka n'kuima pakhonde, manja m'chiuno.

“Asisi, mwamva bwanji kumeneko? Kuno sitimamvana n'komwe!”

“Zikomo,” ndinayankha. “Koma uzilipukuta dengalo lizinyezimira bwino. Anthu aja akadzabwera asadzavutike kutsika pa njinga.”

Anatembenuka n'kulowa m'nyumba. Nsapato zake zija zayamba kale kutseguka kutsogolo, ndipo mafuta amene akudzola masiku ano ndi omwe timadzola tonse.

Chimanga cha abambo chamera bwino, chobiriwira mpaka kuda. Denga lathu likuoneka lotopa, ndipo ine ndi amene ndimaonetsetsa kuti asalifolere mopitirira. Timbuzi tiwiri tija tikukula. Ndimatipatsa mchere padzanja tsiku lililonse, koma kutali ndi nyumba, pansi pa mtengo wa kumunda, kuti tisazolowere khonde. Sabata yatha ndinakumana ndi amalume panjira ya kuchigayo. Ndinagwada, ndinawapatsa moni, n'kuwafunsa mwaulemu ngati khola lawo lili ndi malo a timbuzi tiwiri tsiku limene alendo adzabwerenso.

“Popeza inu munagwa kale ndi malata amenewo, amalume,” ndinatero. “Palibe chimene mutaye.”

Anatola chibuma. Koma ine ndimathamanga kuposa mbuzi.