Mayi Osunga Kadzidzi

Ku Maseya kuli mayi ena amasiye amene sagonja kwa makoswe. M'mawa uliwonse amazungulira nkhokwe yawo ya mapira, kumata mauna ndi dothi. "Khoswe sadandilimireko," amatero.

Mumtengo wa bwemba pakhomo pawo mumakhala kadzidzi. Anthu atayamba kunong'ona za ufiti, tcheyamani wa chipani adafika ndi nkhwangwa.

"Mayi, mbalameyi ikutilodza. Mtengowu ugwe lero."

Mayiwo adakhala pansi natsamira bwembayo. "Bambo, kadzidziyu ndiye amandigwirira makoswe. Mukadula, muzibwera kudzawagwira ndinu. Ine pano sindichoka."

Tcheyamaniyo adaima mpaka dzuwa lidamulaka, nabwerera. Pofika dzinja, makoswe atasesa nkhokwe zambiri m'mudzimo, mkazi wake adabwera ndi lichero kudzapempha mbewu.