Miyala Itatu ya M'munda wa Nzimbe

Achimwene anga a Seitoku ndi munthu woti akatola kandalama kachitsulo panjira amapita nako kupolisi. Sindikuwonjezera. Lamulo limati chotola ukachipereke, koma pa chilumba chonse cha Okinawa ndikhulupirira kuti ndi iwo okha amene analitenga lamuloli ngati mankhwala akumwa katatu pa tsiku. Apolisi a pamphambano pathu anachita kutopa nawo. Akawaona akubwera ndi kajumbo m'manja, wina amanyamuka dala kupita kuchimbudzi kuti zolembazo zigwere mnzake.

Anagwira ntchito yokonza mafiriji zaka makumi atatu, sanakwatire, ndipo amayi ndi amene ankakhala nawo. Atapuma pa ntchito anagula makina ofufuzira zitsulo pansi, aja okhala ngati ndodo yokhala ndi mbale kumapeto. Ine ndimangoti chikolopa. Lamlungu lililonse m'mawa ankakakolopa mchenga wa kugombe, zomvera zili m'makutu, msana uli wopindika, n'kubwerako ndi makiyi, zitsekerero za mabotolo, ndolo imodzi yopanda inzake. Mphete za anthu ongokwatirana kumene anapeza zisanu ndi imodzi, ndipo zonse zinabwerera kwa eni ake. Ndinkawanena kuti mwamuna wamkulu kumangotolera maukwati a anzake, wake osaupeza, iwo n'kumangoseka.

Kumunda kokha sankapitako nacho chikolopacho. Nthaka ya kummwera kuno inameza zitsulo zambiri pa nkhondo ya 1945, ndipo mpaka lero ikumazilavulabe. Aliyense wa ife anakula akuuzidwa kuti ukaona chitsulo chadzimbiri chobulungira usachigwire, usachisunthe, itana apolisi. Achimwene ankati mchenga wa kugombe nyanja inausefa kale, koma munda sudziwika.

Anawalowetsa m'munda ndi amayi. Anali ndi zaka makumi asanu ndi atatu kudza ziwiri, mtima utatopa, ndipo adokotala anali atatiuza kale kuti tiwasamalire kunyumba. M'manda a banja lathu, momwe timasunga mafupa a akufa m'mitsuko, muli kamtsuko kopanda mafupa, kokhala ndi miyala itatu. Ndi ka Uto, mng'ono wawo wa amayi, amene anamwalira pa nkhondo ali ndi zaka zitatu. Munthu akafa mafupa ake osapezeka, timatola miyala itatu pamalo pamene anafera, n'kumuitana dzina kuti mzimu wake utsagane nayo kumanda. Chaka chilichonse tinkakamuikira tiyi ndi mbatata Utoyo, osakayika chilichonse.

Tsiku lina masana ndikuwamwetsa phala, amayi anakankha supuni.

“Hatsue, itana mlongo wako.”

Achimwene atalowa, amayi anayang'ana kudenga n'kunena kuti, “Miyala ija si ya pamalo pake.”

Anatifotokozera pang'onopang'ono, akupumira. Ankathawa atamubereka Uto, ndipo mwanayo anafera kumsana. Anamugoneka pafupi ndi kasupe wa pansi pa thanthwe n'kumukwirira ndi manja. M'chiuno mwake munali kabelu ka mkuwa, ka mbuzi yawo, kamene anakatseka ndi kansanza kuti kasalire pothawa. Nkhondo itatha akuluakulu anawatenga kuti akaloze malowo, koma dziko lonse linali litapsa, mitengo kulibe, njira kulibe. Iwo anali mtsikana wa zaka khumi ndi zitatu, ndipo anachita mantha kunena kuti sakudziwa. Anangoloza munda umene unali pafupi. Kasupe weniweniyo anadzamuzindikira ali mayi kale, m'munda wa nzimbe wa a Gibo, koma manyazi anawatseka pakamwa.

“Ndikalowa m'manda muja ndikamupeza ndani?” anatero. “Mwana uja akadali kumunda yekha.”

Ine ndinapsa mtima, ndisaname. Zaka zonsezi kukhala chete, n'kudzatisenzetsa katundu wotere pamapeto. Achimwene anangovala nsapato kupita kwa a Gibo. Anabwerako nkhope itagwa. Munda uja unali utagulitsidwa, nzimbe zomaliza zitadulidwa, ndipo Lolemba kunkabwera magalimoto odzathira simenti kuti pakhale poimikapo mabasi a alendo. A Gibo anatilola masiku atatu otsalawo. Anati malo ozungulira kasupeyo ndi aakulu ngati bwalo la mpira, tikapanda kupeza kabeluko ndiye kuti sitinapeze kanthu.

Lachisanu m'mawa ndinawatsatira, nditanyamula tiyi ndi foni. Anandikaniza, koma ndinawauza kuti ngati akufuna kukadzipha, pakhale wina wodzauza anthu kuti anali wopusa mpaka mapeto. Atangoyatsa makinawo anayamba kulira, ndipo sanasiye. Phazi lililonse kulira. Kugombe munthu amayenda mphindi khumi osamva kanthu, koma apa nthaka yonse inali zidutswa za mabomba. Achimwene anandifotokozera kuti chitsulo wamba chimalira mobangula, pamene mkuwa umalira mokweza, ndiye ankangomvetsera liwu lokwezalo. Akalimva ankagwada, n'kumapala dothi ndi kafosholo kam'manja, chammbali, osalasa pansi. Nthawi iliyonse akagwada ine ndinkafumbata foni.

Tsiku limenelo tinadzaza ndowa ndi zidutswa, makoko a zipolopolo ndi chogwirira cha ketulo. Loweruka kunagwa mvula, dothi lofiira n'kumamatira ku nsapato, ndipo tinapeza batani limodzi. Madzulo tikafika kunyumba amayi sankafunsa. Ankangoyang'ana m'manja mwa achimwene, kenako n'kutembenukira kukhoma. Kupuma kwawo kunali kutayamba kumveka mpaka kukhitchini, ndipo ine ndinkaopa zinthu ziwiri nthawi imodzi: kuti amayi apita tisanapeze, ndi kuti ndidzaika maliro awiri sabata imodzi.

Lamlungu cha m'ma fili koloko, pafupi ndi thanthwe lenilenilo, achimwene anaima n'kundikodola. Anandiveka zomvera zija. Ngakhale ine wosadziwa ndinamva kusiyana kwake, kaliwu kosalala, kokwera.

“Mkuwa umenewo, achemwali,” anatero.

Anagwada. Anapala ndi kafosholo, kenako anakaika pambali n'kuyamba kufukula ndi zala. Dzenje litafika m'chigongono panaoneka kanthu kobiriwira, kopindika. Ine ndinali nditayamba kale kulira, ndikuitana dzina la Uto. Ndipo ndinaona kuti manja awo aima.

“Hatsue, bwerera m'mbuyo. Pang'onopang'ono. Kaime kumsewu.”

“Chavuta n'chiyani?”

“Si belu.”

Mabomba a mizinga amakhala ndi lamba wa mkuwa chakumunsi. Achimwene ankadziwa zimenezi, anali atandiuzapo, koma masiku atatu ofuna chinthu chimodzi anawaiwalitsa. Limeneli linali bomba, ndipo anali atalikhula ndi kafosholo kawiri. Bondo lawo lamanzere linali litatsamira padothi la pamwamba pa bombalo.

“Dzukanitu, achimwene.”

“Miyendo yachita dzanzi. Ndikadzuka molakwika ndigwera momwemo. Iwe pita.”

Sindinapite. Ndinawatukwana, ndinawauza kuti ndi nkhalamba yopanda nzeru, uku ndikuimbira foni apolisi. Anayankha ndi wapolisi wa pamphambano uja, ndipo atamva dzina la banja lathu anaseka.

“A Uezu? Lero atolanso chiyani madalawo, supuni?”

“Bomba, bwana. Aligwadira.”

Kuseka kunathera pomwepo. Anandiuza kuti ndisawakoke achimwene ndi mphamvu. Ndinazungulira kumbuyo kwawo, ndikuponda momwe anaponda iwo, n'kuwagwira lamba wa thalauza. Anatsamira pa ine, tinabwerera chokwawa, matako pansi, ngati ana ophunzira kukhala. Sindikudziwa kuti zinatenga mphindi zingati. Ndikukumbukira kuti thukuta lawo linkanunkha dothi, ndiponso kuti ndinkangoyang'ana chigulumwa chimodzi cha m'mphepete mwa dzenje, ndikuchipempha kuti chisagwe.

Apolisi anabwera, anamanga zingwe, kenako kunabwera asilikali odziwa za mabomba. Atalipima anati likhoza kunyamulidwa, ndipo analitenga dzuwa lisanalowe. Mkulu wawo anawayamikira achimwene chifukwa choitana msanga, n'kuwauza mwaulemu kuti m'mundamo asakumbenso. Achimwene anawerama, n'kupempha kuti akatenge kafosholo kawo. Ndinawaona akugwada padzenje paja. Anatola miyala itatu n'kuika m'thumba la malaya, koma dzina la Uto sanaitane.

Titafika kunyumba anasamba m'manja nthawi yaitali, kenako analowa kuchipinda kwa amayi, ine ndili pambuyo. Tsiku limenelo amayi anafunsa.

“Mwamupeza?”

“Tamupeza, amayi,” anatero achimwene. “Pansi pa thanthwe penipeni. Miyala yake ndi iyi.”

“Nanga belu?”

“Linali pomwepo, kansanza kake kali m'kati. Ndakalipereka kupolisi.”

Amayi anaseka, kuseka kwenikweni kumene tinali tisanakumve kwa miyezi.

“Iwe ndi apolisi akowo,” anatero. Anafumbata miyala ija pachifuwa n'kundiyang'ana ine. “Ukanandiuza iwe, Hatsue, ndikanakayika. Koma Seitoku sanama.”

Ine ndinagwedeza mutu kuvomereza. Usiku umenewo anagona bwino, ndipo m'mawa anamaliza phala lonse. Anamwalira patatha masiku asanu ndi anayi, miyala ili pansi pa pilo. Tinaithira m'kamtsuko ka Uto pamodzi ndi yakale ija, ndiye muli isanu ndi umodzi tsopano, ndipo palibe ndi umodzi womwe umene tinganene motsimikiza kuti ndi wa pamalo pake.

Papita zaka ziwiri. Munda wa a Gibo ndi simenti yokhayokha, mabasi amaima pamenepo, ndipo kasupe uja anamuika m'paipi. Kwatsala kamzere ka udzu m'mphepete mwa mpanda, kotalika ngati kuchokera pakhomo pathu kukafika kusitolo. Achimwene anasiya kupita kugombe. Apolisi a pamphambano anandiimitsa tsiku lina kundifunsa ngati madala akudwala, popeza sakubweranso ndi kajumbo. Lamlungu lililonse amakakolopa kamzere ka udzu kaja, ngakhale kuti anakamaliza kale kakhumi. Aonda.

Mwezi watha ndinawauza kuti basi, amayi anapita ndi mtendere, asiye. Anavula zomvera zija n'kuyang'ana pa simentipo nthawi yaitali.

“Ndikalipeza belu lija, achemwali,” anatero, “ndiye kuti sindinawanamize amayi. Ndinangofulumira kunena.”

Ndinawathirira tiyi, anamwa ataimirira, n'kuvalanso zomvera zawo.