Chitini cha Loko cha a Bizeki

Mukafika pa Mtakataka n'kufunsa za a Bizeki, aliyense akulozerani kuseri kwa msika, pansi pa mtengo wa nimu pomwe nyundo imalira tsiku lonse. Akuuzaninso kuti ndi munthu wamutu, kuti Mulungu anawapatsa manja. Ine ndine Rozina, mlamu wawo, mng'ono wa akazi awo a Modesta, ndipo za manjazo sinditsutsa. Chimene ndimakana n'chakuti munthu akakhala ndi manja abwino ndiye kuti ndi munthu wabwino. A Bizeki ndimadana nawo, ndipo iwo akudziwa.

Anabadwira ku Golomoti, chakunjanji. Sukulu anaisiyira panjira, osati chifukwa chouma mutu, koma chifukwa aphunzitsi onse ankawaona ngati mbuli. Anayamba n'kumata machubu a njinga, kenako kukhoma ndowa, mbaula ndi makeni othirira kudimba. Kwathu anabwera ngati mkamwini, atanyamula thumba la masipanala ndi buluku limodzi lomwe anavala. Chaka chisanathe anali atamanga kale makina oopsezera mbalame kumunda wa mpunga, zitini zambirimbiri zozungulira ndi mphepo. Mbalame zinazolowera sabata yomweyo n'kumatera pamwamba pake, amene tinasowa mtendere ndi phokosolo ndife anthu. Koma tayesani kuwauza. Amakuyang'anani kuchokera kumutu mpaka kumapazi, kenako n'kupitiriza kukhoma.

Achemwali anga ali ndi matenda akugwa. Anawayamba atabereka Tawina, mwana wawo yekhayo. Kuchipatala amawapatsa timibulu toyera, tochepa ngati mphodza, toti azimwa kamodzi madzulo alionse osadumphitsa. Akamamwa bwino amatha miyezi osagwa, n'kumawamba milamba yawo pauvuni wa kuseri kwa nyumba, n'kumagulitsa kwa amalonda a mumsewu. Akadumphitsa masiku angapo, matenda aja amabwera osagogoda, ndipo sasankha kuti munthu ali pamphasa, pachitsime kapena pamoto.

Vuto linali mtima wawo. Kuno kwathu mankhwala ali ngati mchere: ukakuthera umakapempha kwa mnzako, ndipo womana amamutchula dzina mudzi wonse. Timibulu ta a Modesta tinatchuka kuti timagonetsa tulo. Wa dzino, wa msana, wa maganizo a mwamuna wake amene anazimirira ku Joni, onse njira inali ya pakhomo pathu. "Amake Tawina, tandigawireniko kamodzi kokha, dzulo sindinatseke chikope." A Modesta kukana sadziwa. Mwezi usanathe kajumbo kali pululu, kugwa n'kuyambiranso. Ine ndinakalipa mpaka kusasa mawu, osaphula kanthu.

Ndiye a Bizeki anadzitsekera pamalo pawo pogwirira ntchito n'kutuluka ndi chitini chokhala ndi loko. Chinali chitini cha mkaka wa ufa. M'kati anaikamo kagudumu ka lata kokhala ndi timabowo, bowo lililonse m'bulu wake, n'kukalumikiza ku fuliwilo, kagiya kakumbuyo kwa njinga kamene kamazungulira mbali imodzi yokha. Ukapotoza chogwirira kumamveka "ke", m'bulu umodzi n'kugwera m'kasupuni komwe anakawotcherera kunja. Pambali panali kawaya koloza pa timizere, kosonyeza kuti yatsala ingati. Ukapotoza kamodziko, kamsomali kamagwera m'kati n'kutchinga, ndipo chitini sichimatulutsanso kanthu mpaka wina atsekule loko wapamwamba. Kiyi wake a Bizeki anamumangirira pachingwe n'kumupachika m'khosi, pomwe amuna anzawo amapachika kolona.

Zoona ndinene, chitinicho chinagwira ntchito. Dzinja lonse achemwali anga sanagwe. Opempha aja akabwera ankangouzidwa kuti kiyi ali ndi eni ake, n'kubwerera milomo ili ndwii. A Modesta ananenepa, nkhope n'kuwala. Amalume athu a Laisoni anati mkamwini wotere ngwosowa.

Chikomekome cha mkuyu. Matenda amene a Modesta ankawasunga m'nyumba anasanduka kanema wa mudzi. Mlendo aliyense akadutsa madzulo, kaya wogula nsomba kaya wongofunsa njira, a Bizeki ankamukhazika pampando. "Amake Tawina, tabwerani tiwaonetse alendowa." Achemwali anga, mayi wamkulu wa mwana wa sekondale, ankagwada n'kutchera manja, mlendo n'kumva za fuliwilo ndi kamsomali mpaka khutu kuwawa, kenako "ke". Masiku ena a Bizeki ankachedwa ku bawo, a Modesta n'kumadikira pakhonde maso ali kunjira. Akayambana masana, madzulo kiyi ankavuta kupezeka. Zimenezi ndinaziona ndi maso angawa, chifukwa nyumba yanga ndi yawo zimangosiyana ndi khola la mbuzi.

Tsiku lina ndinawapeza pansi pa nimu paja akusula mbaula.

"Alamu, bwanji osadulitsa kiyi wachiwiri ndizisunga ine? Mawa sadziwika."

Sanakweze n'komwe mutu. "Alamu, makina a makiyi awiri si makina. Ndi jumbo wamba."

"Nanga mutadwala? Mutapita kumaliro kwanu ku Golomoti?"

"Inu za malata zisiyeni. Mukafuna ndowa munene."

Mbiri ya chitinicho inafika kutali. Chilimwe chatha, bungwe lina linakonza chionetsero cha anthu aluso ku boma kwa Dedza, ndipo a Bizeki anaitanidwa. Anabwereka jekete, anapukuta chitini ndi phulusa mpaka kumadziona nkhope. Poyesera kunyumba anathiramo nandolo m'malo mwa mankhwala, koma nandoloyo ankakakamira, poti mabowo anawaboola molingana ndendende ndi mibulu ya akazi awo. Munthu wina akanatenga mibulu iwiri yoonetsera, yotsalayo n'kuisiya kunyumba. A Bizeki anati chitini chopanda kanthu sichioneka bwino pamaso pa mabwana, kawaya kaja kayenera kuloza pamwamba.

Zimene anakambirana m'mawa umenewo ndinadzazimva pambuyo pake, kuchokera kwa achemwali anga.

"Abambo ake Tawina, tandisiyiraniko iwiri kapena itatu."

"Kuti mugawe? Ndikukudziwani. Ndibwera lero lomwe, dzuwa lisanalowe."

Anakwera minibasi yodzera msewu wa Khwekhwerere chitini chili pamiyendo. Dzuwa linalowa, osabwera. Mawa lake, osabwera. Kunali kuti kuchionetseroko anthu anawaombera m'manja, wina wa tayi n'kuwauza kuti chinthu chotere chiyenera kukaonekera ku Lilongwe. A Bizeki anakwera galimoto ya bungwe lija osayang'ananso kumbuyo. Foni yawo inatha moto, ndipo m'mizinda yonse iwiriyo akuti anasowa poitchajira.

A Modesta sanauze munthu. Ine masiku amenewo ndinkalawirira kudimba n'kubwera kutada, ndipo ndikafunsa ankangoti zonse zili bwino, abambo ake Tawina abwera mawa. Kuchipatala ankachita manyazi kupitako, poti kale lija ankapitako mwezi usanathe n'kumafunsidwa kuti mankhwala apita kuti. Komanso kunena zoona kunali kuyalutsa mwamuna, ndipo achemwali anga analeredwa kuti za m'nyumba saulula. Anangolimba mtima n'kumagwira ntchito zawo.

Matenda anawapeza masana, akutembenuza milamba pauvuni. Anagwa cham'mbali, dzanja lamanja n'kulowa pansi pa waya wowambira nsomba, pamakala. Pabwalopo panali anthu. Panali amayi omwe aja ankabwera m'mamawa kudzapempha kamodzi kokha. Anaima chapatali atagwira pakamwa, chifukwa kuno anthu amakhulupirira kuti ukakhudza thovu la munthu wakugwa, kapena ukapuma mpweya wake, matendawo asamukira kwa iwe. Mibulu yake kumeza amameza, koma mwini wakeyo kumugwira ayi. Amene anawapulumutsa ndi a Fatima, mayi wa kugombe amene anabwera kudzaoda nsomba. Anaponya dengu pansi, n'kuwakoka miyendo, n'kuwathira madzi a mu ndowa. Pamene uthenga unkandipeza kudimba, a Modesta anali ali kale pakabaza kupita kuchipatala cha mishoni ku Mua.

Sindifotokoza mmene dzanjalo linkaonekera. Adokotala anayesetsa, koma anatiuza poyera kuti zala zitatu zidzapola zitapinana, ndipo sizidzatambasukanso. Limenelo ndi dzanja lopalira nsomba, lotsinira ndiwo, lopesera Tawina tsitsi. Ndinalira ndi mkwiyo, misozi yotentha, ndipo ndinalumbira pamaso pa amalume kuti mkamwini ameneyu anyamula masipanala ake kubwerera ku Golomoti.

A Bizeki anatulukira kuwodi patapita masiku, jekete lobwereka lija lili m'thupi, chitini atachikulunga m'chitenje chatsopano n'kuchikupatira pachifuwa. Kunkhope kunali manyazi pang'ono, zimenezo sindiwanamizira, koma anali manyazi a munthu amene wachedwa ku misa. Ndinawatchingira pakhomo.

"Mwabwera kudzaona chiyani? Ntchito ya manja anu?"

"Alamu, tapatukani. Ndikufuna kuona akazi anga."

"Akazi anu ndi amene mwanyamulawo. Awa agonawa ndi achemwali anga."

"Makina sanalakwe kanthu," anatero, mawu ali pansipansi. "Akanakhala munthu wodziwa kusunga mankhwala, bwenzi nditawasiyira."

Ndikanapanda kugwiridwa ndi mayi wodikirira wodwala pabedi loyandikana, chitinicho chikanathera pamutu pawo. A Modesta anandiitana ndi dzina, mofooka, kuti ndiwalole adutse. Ndinapatuka mano ali gwa.

Anakhala m'mphepete mwa bedi, chitini pamiyendo. Anayang'ana dzanja lokulungidwa bandeji lija nthawi yaitali. Ndinkadikira kuti agwetsa msozi, kapena anena kuti pepani, kapena avula chingwe chija m'khosi n'kuchiika pamtsamiro. Kenako ndinaona kuti maso awo akuchoka padzanja kupita pachitini, kuchoka pachitini kubwerera padzanja, monga amachitira akamayeza lata asanalidule. Anatembenukira kwa namwino amene ankadutsa.

"Asisita, dzanja ili lidzatha kugwira kanthu?"

Namwino anati kugwira kwenikweni ayi.

A Bizeki anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Ndiye chogwirirachi ndichisamutsira kumanzere. Ndichikulitsanso, kuti musamavutike popotoza, amake Tawina."

Ndinayang'ana achemwali anga. Ndinkafuna alavule, atukwane, aitane amalume. Iwo anayang'ana chitinicho, kenako anayang'ana pakhomo pomwe amayi awiri a m'mudzi mwathu, mwa opempha mibulu aja, anali atangofika ndi timabakuli tawo kudzazonda. Ndinaona mantha pankhope pawo, ndipo ndinazindikira kuti sankaopa mwamunayo ayi. Ankaopa tsiku limene amayi amenewa adzabwerenso m'mamawa, chitini kulibe, iwo n'kulephera kukana.

"Zikomo, abambo ake Tawina," anatero.

A Bizeki akadali pansi pa nimu paja, ndipo kiyi akadali m'modzi. Madzulo ndikamatsekera mbuzi ndimamva "ke" kuseri kwa khola. Zonse zimene bamboyu anachita mwina tsiku lina ndidzatopa nazo kuzikumbuka, koma kuti anachititsa mchemwali wanga kuthokoza ali pabedi limene lija, zimenezo sindidzakhululuka.