Khoma la Pakati pa Chigayo

Achemwali anga atamaliza uinjiniya wa makina, tinkayesa sukulu yatha. Koma anapitanso kukawonjezera digiri yachiwiri, ndipo ulendo uno anasakanizamo maphunziro a bizinesi. Ine sukulu ndinasiyira kalasi yachisanu ndi chimodzi, nditamenyana ndi mnzanga mpaka kuthyola benchi, ndiye za madigirizo sindinkazilabadira. Ndinazilabadira tsiku lomwe zinandipeza pa chigayo cha bambo ku Mandimba, pomwe ndagwira ntchito chisiyireni sukulu.

Aphunzitsi awo anawatuma kuti asankhe bizinesi imodzi yoyendera makina, apeze chimene chikuibweza m'mbuyo. Iwo anasankha chigayo chathu. Bambo, amene anachigula atabwerako ku Malawi nkhondo itatha, anangoti, "Chimene apeze mwanayu, tichichotsa."

Chobwezacho ine ndinkachidziwa. Azimayi a ku Ngauma, omwe kale ankatsitsa matumba awo pa njinga pakhomo pathu, anali atayamba kutidutsa kupita ku chigayo cha kumsika. Wina ndinamukalipira chifukwa cha chimanga chosauma. Wina m'chimanga chake munali msomali, unang'amba sefa, ine n'kumuponyera thumba panja ana ake akuona.

Masiku anayi achemwali anakhala pakhomo pa chigayo ndi kope lawo. Ankafunsa makasitomala motsitsa mawu, kenako n'kulemba. Ndinayesa kukhala munthu wabwino.

"Iwe, dzino likukupweteka?" anandifunsa.

"Ndikumwetulira, achemwali."

"Siya, ukuopseza ana."

Tsiku lachitatu atapita kukadya ndinasuzumira m'kopemo. Munali Chipwitikizi cha m'mabuku chomwe sindichitha, koma mawu oti mchimwene ndinawazindikira, ndipo anali pa tsamba lililonse. Ndikanachotsedwa ndikanalowera kuti? Mandimba yense amadziwa pakamwa panga, palibe akanandilemba ngakhale ganyu yosenza katundu kumalire.

Tsiku lachinayi, tili mkati mogaya, ndinamva kulira kwa chigayo kwasintha pang'ono. Ndinazimitsa injini.

"Wazimitsiranji?" anatero achemwali.

"Beringi yayamba kudyeka."

"Waiona?"

"Ndaimva."

Titatsegula, inalidi itayamba. Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kulembanso. Sindinadziwe ngati alemba chondipulumutsa kapena chondimaliza.

Patapita masabata awiri anatiitanitsa ine ndi bambo ku Cuamba, komwe ankakhala. Tinakwera chapa, minibasi yakwathu kuno. Bambo anagula nthochi panjira, yanga ndinafika nayo m'manja yosasenda.

Achemwali anayala pepala patebulo. "Za makina zikunena kuti uyu asachoke. Khutu lake ngakhale ine ndilibe. Za bizinesi zikunena kuti akapitiriza kuima pakhomo, chigayo mutseka."

"Nanga titani?" anafunsa bambo.

Anatiwonetsa chojambula cha nyumba ya chigayo, chokhala ndi mzere wodula pakati. Linali khoma, lokhala ndi zenera lopatsirana matumba ndi kachitseko pambali. Ine mkati ndi makina, msuweni wathu wamkazi kutsogolo kulandira anthu.

Ndinafuna kuling'amba pepalalo, koma ndinazindikira kuti onse awiri akuyang'ana manja anga. Ndinawakhalira.

"Ukadzatuluka pa kachitsekoka kukakalipira munthu, ngakhale kamodzi, bambo adzalemba wina," anatero achemwali. "Ndipo ndidzamuphunzitsa ndine."

Bambo anagwedeza mutu kuvomera.

Khomalo ndinamanga ndekha, njerwa zowotcha. Azimayi a ku Ngauma ena anabwerera, wa msomali uja ayi. Mpaka lero msomali ukalira m'mahamala ndimazimitsa injini, n'kutsamira khomalo ndi manja onse awiri mpaka mtima utsike. Kuchoka pomwe ndimaima kufika pa kachitseko ndi mapazi atatu okha, ndipo sindinawayendepo ndili wokwiya.