Mbande Yotsala ya a Benwell

Ofesi ina ya pa boma la Lundazi inalengeza pa chimkuzamawu kuti midzi isanu ndi iwiri ya ku Mphamba ilandira mbande za msangu zokwana 100,003, ndipo zidzagawidwa mofanana, popanda wodandaula. Wogawa anali atasankhidwa kale: a Benwell Nyirenda, mphunzitsi wa masamu wopuma pantchito.

Anthu anawomba m'manja, a Benwell ayi. Mkuluyu sanakhulupirirepo nambala asanaigawe. Ngakhale basi ya ku Chipata ankayamba ayesa nambala yake asanakwere.

Anatola kamtengo n'kuyamba kulemba padothi. Mudzi uliwonse mbande 14,286, kutsala imodzi. Anayesa midzi isanu ndi umodzi, inatsala imodzi. Midzi itatu, midzi iwiri, imodzi yomweyo ili chilili. Bwalo lonse litadzaza manambala, anatsimikiza: iyi ndi nambala ya mtundu wouma mutu, yogawika ndi wani ndi iyo yokha basi.

Tsono ku Mphamba amati chotsala n'cha wogawa, ndipo ponena mawuwa sayamikira munthu. Bambo awo a Benwell anagawapo ng'ombe paukwati, mchira n'kutsala m'manja mwawo. Anapita kumanda akutchedwa a Kamchira.

"Pali amene anichela msampha," anauza akazi awo, a Mainess. "Nambala ya boma imathela ku maziro. Zitatu izi waikapo ndani?"

"Atate a Taizya, kamtengo kamodzi? Mukabyale pachalichi."

"Chalichi cha mudzi uti?"

A Mainess anapitiriza kusenda nshawa.

A Benwell anapalasa njinga mpaka kuboma kukafunsa za nambala ija ndi mbande yotsalayo. Mu ofesimo anapeza mtsikana wa ku Chipata, Lorraine, amene anawapatsa moni wa Chitumbuka chophunzirira pantchito.

"Monire, adada. Nambala inachoka mu kompyuta."

"Nanga mu kompyutamo inalowa yeka?"

"Osavutika. Yotsalayo mutenge ndimwe, ya thukuta lanu."

A Benwell anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anayang'ana kuseri kwa chitseko, kuti aone amene wamutuma.

Pofuna kutchinjiriza dzina lawo, anayenda mudzi ndi mudzi kufotokoza kuti mbande imodzi idzatsala, ndipo iwo sakuifuna. Anthu amene sanaganizeko n'komwe za kugawa anayamba kufunsana kuti munthu amakana bwanji chinthu chimene sanapatsidwe. Pofika pokumba maenje, azimayi a pachitsime anali akuti, "A Kambande apita apo."

Mvula inagwa, maenje anadzaza madzi, kenaka udzu. Lole ya mbande sinafike.

Madzulo ena a Benwell anawerenganso padothi, napeza kuti boma silinaname. Ziro amagawika bwino lomwe ndi midzi isanu ndi iwiri, ndipo mudzi uliwonse unalandira mofanana.

Chinatsala ndi dzina lija, ndipo linapita kwa wogawa.