Tsiku Limene a Misi Anameza Chilembo

Fungo la mafuta a kokonati likandipeza, ngakhale m'minibasi, ndimabwerera pa khonde la a Misi Perera, m'nyengo ya mwera ya chaka chimene ndinali mu Sitandade 5. Mafutawo ankadzola kutsitsi lawo lalitali, ndipo mphepo ikaomba kuchokera kunyanja fungolo linkalowa mpaka m'nyumba mwathu, litasakanikirana ndi la adyo ndi tsabola zimene ankakazingira usipa. Tinkakhala moyandikana, mumzere wa nyumba za aphunzitsi a sekondale ina kufupi ndi Nkope. Abambo ankaphunzitsa masamu, ndipo ife tinali obwera, a ku Ntcheu. A Misi anali obwera kuposa ife. Kwawo kunali ku chilumba cha Siloni, pakati pa nyanja yamchere, ndipo anadzera kuphunzitsa Chingerezi.

Anali munthu wamfupi, woyenda mothamanga, wovala nsalu yaitali yokulunga thupi lonse, imene azimayi a pamjigo ankaisirira koma ankati ndi yotha sopo. Ankati nyanja yathu ndi yabwino, kungoti wina anaiwala kuthiramo mchere. Kudooko asodzi ankafa nazo kuseka akamawaona akununkhiza chambo chilichonse asanagule, kapena akamawalonjera kuti "Ajimwiche uli?" dzuwa lili paliwombo, pamene umenewo ndi moni wa m'mawa wa Chiyao. Iwo ankaseka nawo, n'kumangirira nsomba zawo kuhandulo ya njinga.

Chimene sankachitira nthabwala chinali katchulidwe ka mawu. Loweruka lililonse ankatisonkhanitsa pa khonde pawo, ife ana a mumzere ndi ena a m'mudzi, kuti tiziyankhula Chingerezi. Ankayamba ndi kuitana mayina, aliyense n'kuyankha kuti "Pulezenti, Misi," kutanthauza kuti ndilipo. Ukalakwitsa liwu, chala chawo chinkadzuka pang'onopang'ono mpaka kufika pamphuno pako. "Musameze zilembo," ankatero m'Chichewa chawo chopindika. "Zilembo si chakudya." Liwu limodzi tinkalibwereza mpaka nsagwada kuwawa.

Loweruka lina anati gulu ngati lathu, kwawoko, limakhala ndi mtsogoleri wosankhidwa. Tinakweza manja, ndipo ine ndinamugonjetsa Yusufu, mwana wa msodzi, chifukwa pakamwa panga panalibe chitseko. A Misi anandiimika patsogolo n'kulengeza kuti Nelia ndiye pulezidenti wa kalabu. Anatibwerezetsa liwulo chidutswachidutswa, osasiya "d" wa pakatiyo. Ndinanyada zosaneneka. Chithunzi cha mtsogoleri wa dziko chimene chinkapachikidwa m'kalasi iliyonse ndinkachidziwa, koma ndinkayesa kuti dzinalo lili ngati la amfumu, loti aliyense ali ndi ake. Pofika Lolemba linali litandimatirira. Ana ankandiitana nalo pamjigo, kuchigayo ndi kudooko komwe.

Amayi analimva akupeta mpunga kuseri kwa nyumba. Yusufu anasuzumira pampanda n'kufuula kuti, "A Pulezidenti alipo?" Lichero linawapulumuka, nkhuku n'kuthamangira mpungawo, iwo osaziingitsa. Sanandimenye, ndipo zimenezo ndi zomwe zinandiopsa kwambiri. Abambo atamva anatseka mawindo masanasana, n'kundikhazika pampando.

"Mwana wanga," anatero motsitsa mawu, "m'dziko muno dzina limenelo ndi la munthu mmodzi. Wina akalitenga, safunsa mwanayo. Amafunsa bambo wake kuti m'nyumba mwake amakamba zotani."

Ndinakumbukira nyumba yomalizira mumzere wathu. Munkakhala mphunzitsi wina amene galimoto ya apolisi inadzamutenga m'mawa wina, osabwereranso. Mapapaya a pabwalo pake ankapsa n'kugwa okha, popanda wotola, ngakhale ife ana akubafe. Dzina lake palibe ankalitchula.

Mwera unakula masiku amenewo. Nyanja inada, mabwato anakokeredwa pamchenga, ndipo amuna ankangokhala m'magulu kusoka maukonde. Anthu opanda chochita amayankhula, ndipo amayi ankadziwa zimenezo. Anandiletsa kupita pamjigo. Abambo anasiya kukasewera bawo, ndipo anayamba kupita kusukulu atavala juzi lawo lochindikala ndi nsapato zolimba za ulendo. Ine ndinkati n'chifukwa cha mphepo, osadziwa kuti ankakonzekera kutengedwa tsiku lililonse. Tikamadya, injini ikamveka pamsewu wochokera ku Mangochi, manja onse ankaima m'mbale mpaka phokosolo litapitirira.

Abambo anakawafotokozera a Misi. Poyamba anaseka, kuyesa nthabwala, kenako anakhala pansi pa sitepe atagwira pakamwa. Iwo chachikulu chimene chikanawaonekera chinali kuuzidwa kuti alongedze akwere ndege. Abambo sakanakwezedwa ndege. Kuyambira pamenepo mayi wogulitsa tomato anayamba kulambalala khonde lawo, ndipo aphunzitsi anzawo ankawalonjera ndi mutu wokha. A Misi ankaphika atatseka chitseko, moti fungo la adyo lija linasowa mumzere monse.

Loweruka lotsatira kunabwera Che Wadi, tcheyamani wa chipani m'dera lathu, amenenso anali mwini makoka ambiri kudooko. Kumbuyo kwawo kunali anyamata awiri a chipani ovala malaya ofiira. Analamula kuti ana onse a kalabu asonkhane pa khonde la a Misi, makolo anga akhalepo. Che Wadi anagwirapo ntchito ku Joni ndipo Chingerezi ankachimva bwinobwino, koma tsiku limenelo anayankhula Chichewa, abambo n'kumamasulira ndi mawu ouma.

"Amayi, anyamata angawa akuti amva ana akutchula liwu lina kudooko," anatero akukonza kofia yawo. "Ine ndawauza kuti ana a kuno Chingerezi chimawazungulira lilime. Mwanayu akuti sajomba, ndiye anzake amamutcha Pulezenti, ngati muja ayankhira poitana mayina. Si choncho kodi?"

A Misi anatsegula pakamwa, ndipo nkhope imeneyo ndinkaidziwa. Chala chija chinayamba kudzuka. Sindinadziwe ngati ndikuopa kapena ndikufuna kuti anene zoona anthu onse amve. Chalacho chinafika pachifuwa n'kuima. Anayang'ana abambo, juzi lawo, nsapato zawo. Kenako chalacho chinapita paphewa kukakonza nsalu imene inali kale bwinobwino.

"Inde," anatero m'Chichewa. "Pulezenti."

Mnyamata mmodzi sanakhutire. Anawerama mpaka ndinamva fungo la fodya m'kamwa mwake. "Iwe, anzako amakuitana kuti chiyani?" Dzanja la amayi linali pakhosi panga kumbuyo, lozizira ngati mwala wa mumtsinje. Misozi inali pafupi, koma inali ya mkwiyo.

"Pulezenti," ndinayankha.

Che Wadi anati a Misi aitane mayina kuti anyamatawo adzimvere okha. Anaitana mmodzimmodzi, ndipo mwana aliyense anayankha monga mwa masiku onse. Yusufu anachita kukuwa. Che Wadi anadzuka, kusansa fumbi kuthalauza, n'kunena kuti, "Mwamva nokha. Tiyeni, maukonde akutidikira." Anyamatawo anawatsatira, mmodzi uja akucheukabe.

Kalabu inathera pomwepo. A Misi anakhala mpaka kutha kwa chaka, n'kubwerera ku chilumba chawo, ndipo miyezi yonseyo ine ndinkawaona ngati munthu amene wandilanda mpando. Ndinkadzifunsa kuti iwo amene ankatiwawitsa nsagwada chifukwa cha chilembo chimodzi, anameza bwanji chawo pamaso pa anthu. Che Wadi ndinkawayesa nkhalamba yosamva Chingerezi. Zinanditengera zaka kuti ndizindikire kuti liwulo analimva bwino kuposa tonsefe, ndiponso kuti nawonso akanafunsidwa chifukwa chimene zoterozo zinamerera m'dera lawo.

Dzina lopunduka lija ndi limene linakhala. Mpaka lero abale anga ku Ntcheu amanditcha a Pulezenti, ndipo abambo anandiitana nalo mpaka atakalamba pakhomo pawo, ine n'kumayankha kuti, "Ndilipo." Koma chimene ndimachikumbukira kwambiri ndi Lolemba lotsatira msonkhano uja. Mwera unali ukuombabe, wozizira kuposa masiku onse, mchenga ukulowa m'maso. Abambo anatuluka kupita kusukulu atavala shati yokha ndi nsapato zawo zopepuka, juzi atalisiya pamsomali. Ndinawathamangira nalo mpaka pamsewu, poyesa kuti aiwala. Anangondisisita mutu n'kunena kuti ndikalibweze, lero salifuna.