Mayi Wophika Buledi Sananenerere

Ntchito yosamalira okalamba ku Oshawa, tauni ya kuno kwa azungu, ndinaisiya chifukwa cha msana. Zaka zinayi ndikunyamula anthu pabedi, mpaka ndinkalephera kuwerama kuti ndimange nsapato. Ndinali nditaphunzirako kupanga mawebusaiti pakoleji, ndiye ndinauza amuna anga kuti ndiyesa bizinesi yangayanga. Iwo anati, "Miyezi itatu, amake mwana. Zikakanika mubwerere kushifiti." Ndinavomera, poti malipiro awo okha sakanatisunga.

Miyezi iwiri inatha kuli zii! Ngakhale wosokoneza nambala sanaimbe. Mwezi wachitatu, mayi wina wachizungu wophika buledi pafupi ndi siteshoni ya sitima anayankha imelo yanga. Ndinapita ndi laputopu, ndikupemphera njira yonse. Zomwe ndinamuonetsa anazikonda, kenako anafunsa mtengo.

Tsono ine ndinakulira pamsika wa Mitundu, mayi anga akugulitsa kaunjika. Kwathu sutchula mtengo weniweni poyamba, ukatero ndiwe chitsiru. Umayambira kumwamba, wogula n'kukuwa kuti mwadulitsa, n'kunamizira kuchoka, iwe n'kumuitana, mpaka mukumane pakati. Mumtima ndinkangofuna madola chikwi chimodzi. Pakamwa ndinati zikwi zinayi.

Mayiyo anamwetulira. "Zikomo, ndiganizire kaye."

Mumtima ndinati eya, kunamizira kuchoka kuja n'kumeneku. Ndinakhala dala masiku asanu osamuimbira, poti wogulitsa akathamangira wogula mtengo umagwa. Foni ndinkalowa nayo ndi kubafa komwe. Amuna anga akafunsa ndinkawakalipira, "Inu, kuona maso a nkhono n'kudekha! Ogula ndimawadziwa ine." Koma mayiyo sanaimbe. Tsiku lachisanu ndi chimodzi mantha anandiposa. Ndinakwera basi kukuzizira koopsa, kukagwetsa mtengo ndekha, manyazi nditawasiya kunyumba.

Mayi uja anandilandira bwino, n'kundiuza kuti ntchito ija wapatsa kale wina, wa zikwi ziwiri ndi theka. Mayo ine! Ulemu ndinauiwala.

"Nanga bwanji simunanenerere? Ine ndikanalola chikwi chimodzi!"

Anadabwa zenizeni. Anati kukanakhala kundinyoza kundiuza kuti nditsitse, chifukwa munthu akatchula mtengo wa ntchito yake ndiye kuti wauganizira bwino. Anati mwa onse amene anawaona, ntchito yanga ndi imene inamugwira mtima, ndipo ndikanati zikwi zitatu akanasaina tsiku lomwe lija.

Ndinalira pamalo odikirira basi, kulira kwenikweni, anthu akuyang'ana kumbali. Kunali kutatsala masiku anayi kuti mwezi uthe, ndipo kasitomala wina ndinalibe. Ndinaimbira abwana anga akale ndili pomwepo. Anati ndiyambe Lolemba, malo alipo kuchipinda cha okalamba osatha kudzuka okha.